Tiwelenge na Vim, koma tiimange manja

Ambili a ise amene tiphunzila za makompyuta mu Lusaka, ku Kopala kapena ku Chipata timakonda kukangana pa zida zolembela. Wina ati VS Code ndiye yonse, wina ati munthu weni-weni alemba na Vim, wina angotsegula nano n'kupitiliza na nchito yake. Mkangano umenewu ni wokoma, koma uphonya mbali yaikulu ya tsiku lathu. Tikawelengela bwino maola amene timakhala pa terminal, ambili amathela pa kuwelenga: code imene analemba munthu wina, mafaelo a masetingi a seva, ma log, malangizo a man, na zimene git ionetsa kuti zasintha. Kulemba kumabwela pambuyo, ndipo kambili ni mizele yocepa cabe pambuyo powelenga mizele mazana.

Ngakhale n'conco, cida cowelengela sitinacisankhe. Timacita cimodzi pa zinthu ziwili. Mwina tilemba cat, faelo yonse n'kuthamanga pa sikilini monga minibasi yosaima pa siteshoni, ise n'kutsala na mizele yothela cabe. Apo ayi titsegula faelo mu editor, kambili na sudo kutsogolo, cifukwa mmenemo ndiye muli mitundu yothandiza maso. Njila yoyamba itibisila zinthu. Yaciwili itipatsa mphamvu yowononga pamene tinangobwela kudzaona. Maganizo athu ni akuti editor ni cida cabwino ngako cowelengela, ndipo tiyenela kuisewenzetsa monga pager, malinga tayamba taimanga manja kuti isalembe.

Tiyambe na kukamba kuti pager ni ciani. Ni pulogilamu imene imagwila mau ambili n'kumatipatsa tsamba limodzi-limodzi, kuti asapitilile sikilini tikalibe kuawelenga. Ma terminal akale, monga VT100 ya kampani ya DEC imene inatuluka mu 1978, anali kuonetsa mizele 24 cabe, mzele uliwonse wa zilembo 80. Caka cimeneco Daniel Halbert, wophunzila pa yunivesite ya California ku Berkeley, analemba pulogilamu yochedwa more, imene inali kuima sikilini ikadzala n'kuyembekezela kuti munthu atinike batani. Vuto la more yoyambilila linali lakuti inali kuyenda kutsogolo cabe.

Mu 1983 Mark Nudelman anali kugwila nchito na ma log akulu-akulu. Vi imene anali nayo inali kukangiwa kutsegula mafaelo aakulu conco, ndipo more inali kumufikitsa pa mzele wa vuto koma osamulola kubwelela kumbuyo, pamene iye anali kufuna maka-maka mizele imene inabwela vuto likalibe kucitika. Ndiye analemba less, imene iyenda uku na uku, n'kuitulutsa kwa anthu onse mu 1985. Mpaka lelo tikalemba man, git log kapena journalctl pa Linux, kambili timakhala tili mkati mwa less olo sitidziwa. Q uja amene timatinika kuti ticoke ni wa less.

Less ni pulogilamu yolimba, ndipo tibwelelako kudzaiteteza kutsogoloku. Koma ili na malile amodzi: siidziwa cinenelo ca faelo imene ikutionetsa. Kwa less, faelo ya Python, ya YAML na kalata yofunsila nchito ni zofanana, zonse ni zilembo zondondozana. Ingaonetse mitundu pokhapo ngati pulogilamu ina yaika kale zizindikilo za mitundu m'mau amenewo ndipo taipatsa -R. Payokha siipenta ciliconse.

Wina angati mitundu ni yokongoletsa cabe. Tiyeni tione faelo imodzi imene aliyense wogwila seva amaidziwa, /etc/ssh/sshd_config. Faelo imeneyi ndiye ilamula mmene anthu alowela mu seva kupitila pa SSH. Mizele yake yambili iyamba na cizindikilo ca #, kutanthauza kuti ni ndemanga cabe, pulogilamu siiwelenga. Manje tinene kuti munthu wina anafuna kutseka kulowa na password. Anapeza mzele wakuti #PasswordAuthentication yes, anasintha yes kukhala no, koma anaiwala kucotsa # ija. Ife tikabwela kudzaona pa sikilini ya mtundu umodzi, diso liwelenga «no» n'kukhutila kuti citseko n'cokhoma. Koma citseko cili pululu, cifukwa mzele uja ni wakufa. Mu editor yopenta mau, ndemanga zonse zimakhala na mtundu wao-wao, ndipo mizele yamoyo imaonekela patali. Mzele wa «no» uja ukakhala na mtundu wa ndemanga, diso limaima lokha.

Cimodzimodzi na script ya bash kapena faelo ya PHP mmene munthu anatsegula cizindikilo ca " n'kuiwala kucitseka. Pa mtundu umodzi mungasakile kwa nthawi yaitali. Pa mitundu, utoto wa mau a mkati mwa zizindikilozo umatayikila pa mizele ya pansi monga inki, ndipo pamene wayambila kutayika ndiye pali vuto. Vim yakhala ikucita zimenezi kucokela pa Vim 5.0 ya mu 1998, ndipo imabwela na malamulo a mitundu a mafaelo mazana-mazana, kuphatikizapo aja amene sitimaaona monga code: fstab, crontab, resolv.conf, sshd_config na diff.

Apa ndiye ambili timagwela m'mbuna. Cifukwa cofuna mitundu, timalemba sudo vim kutsogolo kwa faelo imene tifuna kuiyangana cabe. Koma mu Vim cilembo ciliconse ni lamulo. Tinene kuti mufuna kusakila liu lakuti port ndipo mwaiwala kuyamba na /. Cilembo p cimata paja zimene zinakopedwa nthawi yapita. Cilembo o citsegula mzele watsopano n'kukuikani polemba. Zilembo r na t zilembedwa mu faelo. Mukaceukila ku foni kamphindi, n'kubwela kudzatinika Esc na :wq monga mwa cizolowezi ca zala, mwasunga mzele wakuti rt mu faelo ya SSH.

Coipa n'cakuti palibe cimene cicitika tsiku limenelo. Seva ipitiliza kusewenza bwino-bwino. Koma tsiku limene SSH idzayambitsidwanso, mwina pambuyo pa milungu, idzapeza mzele umene siiudziwa n'kukana kuuka. Seva ili kutali, mwina ku Johannesburg kapena ku Frankfurt, ndipo citseko cimene munali kulowela catsekeka muli panja. Mu /etc/fstab kulakwitsa kotele kungapangitse makina kuimila panjila poyaka. Palibe amene adzakumbukila kuti tsiku lina munthu anangolowa kudzaona.

Mankhwala ake alipo kale mu Vim mwenimo, ndipo ali pa masitepe atatu.

Sitepe yoyamba ni lamulo lakuti view, limene ni cimodzimodzi na vim -R. Litsegula faelo na mitundu yonse n'kuicinga kuti ni yowelenga cabe. Koma cingwe cake n'cofooka: mukayamba kulemba, Vim ikucenjezani koma ikulolani, ndipo :w! isunga ndithu ngati muli na cilolezo pa faeloyo.

Sitepe yaciwili ni vim -M. Apa manja amangika zoona. Mukatinika dd, x kapena o, Vim ikana n'kukuuzani kuti mau amenewa sasinthika, ndipo kusunga nakonso n'kotseka. Koma zonse zoyendela zimakhalapo: / yosakila, * yopezela paliponse pamene pali liu limene mwaimapo, % yolumphila ku bulaketi inzake, :set number yoonetsa manambala a mizele, na :split yoika mafaelo awili pa sikilini imodzi. Kwa munthu amene zala zake zinazolowela Vim, iyi ndiye njila yabwino kopambana.

Sitepe yacitatu ni ya ise tonse, olo amene tikalibe kuphunzila Vim. Mu foda ya Vim muli ka script kochedwa less.sh, kamene kamayatsa Vim itavala malaya a less. Mabatani amakhala aja amene tiadziwa kale: space kupita kutsogolo, b kubwelela, g kuciyambi, G kothela, / kusakila, h kuona thandizo, q kucoka. Mitundu imayaka yokha, ndipo faelo siisinthika. Pa Ubuntu 24.04 kali pa /usr/share/vim/vim91/macros/less.sh, pa Ubuntu 22.04 foda ni vim82, pa Debian 12 ni vim90. Ngati simuona, tsegulani Vim mulembe :echo $VIMRUNTIME, idzakuonetsani kumene kuli mafaelo ake, ndipo :help less ifotokoza zotsala. Mukakapeza, ikani mzele uwu mu ~/.bashrc:

alias vless='sh /usr/share/vim/vim91/macros/less.sh'

Kucokela apo, vless na dzina la faelo ni kokwanila. Q uja ni wofunika kuposa mmene aonekela. Mu Vim wamba q sacotsa munthu, amayamba kujambula mabatani amene mutinika, ndiye cifukwa cake anthu ambili amatsekeledwa mkati. Funso la mmene munthu angacokele mu Vim linafika pa kuwelengedwa ka 1 miliyoni pa Stack Overflow mu 2017. Na less.sh mantha amenewo kulibe, ndipo munthu amazolowela maonekedwe a Vim pang'ono-pang'ono popanda kuwononga kanthu.

Njila imeneyi siithela pa mafaelo cabe. Vim ingalandile mau ocokela ku pulogilamu ina. Mukalemba git diff | vless, Vim imazindikila pa mizele yoyamba kuti iyi ni diff, n'kusiyanitsa mizele yocotsedwa na yowonjezedwa. Ngati siinazindikile, monga pa JSON yocokela ku curl, muiuze mwekha: pambuyo pa paipi lembani vim -M -c 'set ft=json' - ndipo kamzele kothela kaja ndiye kauza Vim kuti iwelenge zobwela m'paipi. Malangizo a man nawonso angapite mu editor. Pa Vim ya masiku ano mzele wake ni uwu:

export MANPAGER="vim +MANPAGER --not-a-term -"

Pa Neovim ni wofupikilako:

export MANPAGER='nvim +Man!'

Phindu lake si mitundu cabe. Tsamba la man likachula tsamba lina, muimika cursor pa dzinalo n'kutinika K, ndipo mwafika. Malangizo amene tinali kuwathawa amayamba kuwelengeka monga buku lokhala na njila zake.

Pali zinthu ziwili zimene zingakukhumudwitseni poyamba. Vi imene imabwela na Debian komanso Ubuntu ya pa laputopu ni vim-tiny, yocepetsedwa, ndipo ilibe mitundu. Lembani vim --version muyangane ngati pali +syntax. Ngati palibe, sudo apt install vim ithetsa nkhani. Caciwili, ngati ndimwe a nano simunasiyidwe: nano -v itsegula faelo yowelenga cabe, na mitundu yake. Ndipo kwa anzathu amene laputopu ikalibe kupezeka, amene aphunzilila pa foni ya Android na Termux, pkg install vim ibweletsa zonsezi. Pa kasikilini kang'ono ka foni, pamene cala cimagunda batani lolakwika kawili-kawili, kumanga manja a editor n'kofunika kowilikiza.

Ena adzafunsa kuti, nanga bwanji osangoika bat? Funso n'labwino. Bat, imene analemba David Peter m'cinenelo ca Rust, imapenta faelo n'kuipeleka kwa less, ndipo imasewenza bwino ngako. Pa Debian na Ubuntu lamulo lake ni batcat. Palinso njila yomangilila source-highlight kapena pygmentize ku less kupitila mu LESSOPEN. Pa laputopu yanu sankhani cimene mtima wakonda. Koma tiganizile kumene tikupita. Pa nchito yoyamba, wacicepele amapatsidwa kiyi ya seva ya eni ake, osati ufulu woikamo mapulogilamu amene afuna. Bat kambili siipezeka mmenemo, pamene Vim imapezeka pa maseva ambili. Luso lodalila cida cimene cilipo kale limayenda na ise kulikonse. Cinanso, tikamawelenga na kulemba na cida cimodzi, mitundu imakhala imodzi-modzi, mabatani osakila amodzi-modzi, ndipo mutu suvutika kusintha magiya. Vim yeniyeniyo, imene Bram Moolenaar wa ku Netherlands anaitulutsa mu 1991 n'kuisamalila mpaka imfa yake mu 2023, ni yaulele. Iye anali kungopempha oisewenzetsa kuti athandize ana ovutika ku Uganda.

Manje, walila mvula walila matope. Vim monga pager ili na malo amene iyenela kupatuka, ndipo amene abisa zimenezi sakutifunila zabwino.

Oyamba ni mafaelo akulu. Less siyembekezela kuwelenga faelo yonse. Ionetsa tsamba loyamba pamenepo n'kumatenga zotsala pamene mufuna. Vim imayamba yameza faelo yonse. Pa kaseva kochipa ka memory ya 1 GB, kamene ambili timakwanitsa kulipila, kutsegula log ya magigabaiti angapo mu Vim kungafooketse makina onse pamodzi na website imene ili mmenemo. Apa nkhani yazungulila n'kubwelela pamene inayambila: Nudelman analemba less cifukwa editor inakangiwa ma log aakulu. Ma editor a lelo ni amphamvu kuposa a nthawi ija, koma cifukwa cake cikalipo. Mizele italiitali nayonso imavuta; pa faelo ya JavaScript yopanikizidwa mu mzele umodzi, Vim imaleka kupenta ikafika pa cilembo ca 3000 ca mzelewo kuti isaime.

Aciwili ni mau amene akali kubwela. Vim ikamawelenga m'paipi imayembekezela kuti paipi ithe. Mukalemba tail -f n'kupeleka kwa Vim, mudzakhala mukuyangana sikilini yopanda kanthu mpaka mutatopa, cifukwa tail -f siitha. Apa less ndiye mwini munda: less +F ilondola log pamene ikukula, Ctrl-C iimika kuti mubwelele kumbuyo, ndipo F iyambanso kulondola.

Acitatu ni mitundu ya eni ake. Mapulogilamu monga git akadziwa kuti akupeleka mau kwa pager yao, amaikamo okha zizindikilo za mitundu. Less yokhala na -R imazisandutsa mitundu, koma Vim imazionetsa mmene zilili, tuzinyalala monga ^[[31m pa mzele uliwonse. N'cifukwa cake sitilimbikitsa kulemba export PAGER n'kuloza kwa Vim kuti igwile zonse. Git iyangana GIT_PAGER coyamba, ndiyeno core.pager, ndiyeno PAGER, ndipo ikasowa zonse itenga less. Mukasintha PAGER mwakhudza git na mapulogilamu ena ambili pa nthawi imodzi. Pali zida monga vimpager zimene zinalembedwa kuti zikonze vuto limeneli, koma njila yosavuta ni kusiya less pamalo pake n'kuitana vless na dzanja pamene tifuna. Tikalemba paipi tekha, git imaona kuti sikulemba pa sikilini ndipo siika zizindikilo zija, Vim n'kupenta yokha. Ndipo pa seva imene tigawana na anzathu, zosintha zathu zikhale mu ~/.bashrc yathu, osati mu mafaelo a onse.

Acinayi ni citetezo. Vim ili na cinthu cochedwa modeline: kamzele ka mkati mwa faelo kamene kauza Vim masetingi oyenela faeloyo. Kutanthauza kuti faelo imakamba na editor. Mu 2019 kunapezeka cibowo, CVE-2019-12735, cimene cinali kulola faelo yokonzedwa mwaukathyali kuyendetsa malamulo pa makina a munthu pongoitsegula, pa Vim yakale kuposa 8.1.1365 na Neovim yakale kuposa 0.3.6. Cinatsekedwa, ndipo Debian na Ubuntu amabwela atazimitsa modeline, koma kuika set nomodeline mu ~/.vimrc sikudya ndalama. Less nayonso inapezeka na cibowo cake mu 2024, conco palibe cida coyela mbuu. Phunzilo n'lakuti tizikonzanso mapulogilamu athu nthawi zonse, ndipo faelo yocokela kwa munthu wosadziwika tisaitsegule tili root.

Izi zitifikitsa pa sudo. Mafaelo ambili a mu /etc, kuphatikizapo fstab komanso sshd_config pa Debian na Ubuntu, munthu wamba angawelenge popanda sudo. Timaika sudo mwa cizolowezi cabe. Koma editor kapena pager yoyatsidwa na sudo ni root wathunthu: mu Vim :! iyendetsa lamulo lililonse, mu less ! icita cimodzimodzi. Ngati faelo ifunadi root kuti iwelengeke, lembani sudo cat na dzina la faelo, ndiyeno paipi kupita kwa vless. Mwa njila imeneyi cat yekha ndiye ali na mphamvu, ndipo cimene cili pamaso panu ni kope cabe limene silingabwelele ku faelo yeniyeni.

Palinso otsutsa a mtundu wina, amene akana mitundu yeniyeniyo. Rob Pike, mmodzi wa amene anapanga cinenelo ca Go, anakambapo kuti kupenta code ni zacibwana, n'kuyelekezela na tumitengo twa mitundu-mitundu tophunzitsila ana masamu. M'mau ake muli coonadi cimene tiyenela kucisunga. Mitundu siimvetsa pulogilamu. Vim imapenta molondola maonekedwe a zilembo, ndipo nthawi zina imasokonezeka pakati pa faelo yaitali n'kupenta molakwika mpaka mutaiuza :syntax sync fromstart. Code ingaoneke yokongola bwino-bwino koma ikuwelengela ndalama molakwika. Amene aleka kuwelenga cifukwa mitundu ioneka bwino wagwa kale.

Koma Pike wakhala akuwelenga code kwa zaka makumi ambili, kambili ya zinenelo zimene iye mwini anathandiza kupanga. Ise timakumana na faelo imene sitinaionepo, ya pulogilamu imene taimva dzulo, usiku, batile ya laputopu ikutha ndipo kasitoma akutuma foni. Dalaivala amene wayenda mu Great East Road zaka zambili angadziwe makona a ku Manenekela olo utoto wa pamseu utafufutika. Ici si cifukwa cofufutila mizele ya pamseu kwa amene ayenda ulendo woyamba. Mitundu siiwelenga m'malo mwathu. Imangotionetsa pamene tiyenela kucepetsa liwilo.

Cimene tikulimbikitsa kweni-kweni n'cacikulu kuposa alias imodzi. Ni cizolowezi cosiyanitsa kuona na kugwila. Mu less.sh muli batani la v, limene limamasula manja n'kukuikani mu Vim wamba kuti mulembe. Less nayonso ili na v amene atsegula editor. Batani limeneli ni laling'ono, koma limasandutsa kulemba kukhala cosankha. Mwawelenga, mwamvetsa, mwadziwa mzele umene mufuna kusintha na cifukwa cake, ndiye mwatinika v. Zimasiyana kutalitali na kukhala na mpeni m'manja nthawi yonse pamene mukungoyenda-yenda m'nyumba ya eni. Ndipo mukasintha, pulogilamu zambili zili na njila yoyesela musanayambitsenso: sshd -t ya SSH, nginx -t ya nginx. Kuwelenga, kusankha, kulemba, kuyesa. Ndondomeko ni imeneyi.

Maseva amene tidzapatsidwa kusamalila si zoseweletsa. Mudzakhala malekodi a kiliniki, malipilo a sukulu, maoda a kashopu ka munthu amene anaika ndalama zake zonse mmenemo. Amene adzatipatsa kiyi sadzafunsa kuti tilemba mofulumila bwanji kapena kuti terminal yathu ni yokongola motani. Adzafuna kudziwa ngati tingalowe, kuona vuto, n'kutuluka popanda kusiya lina. Mbili ya wacicepele pa nchito imamangidwa pa zimenezi, ndipo imagwa na mzele umodzi wa rt.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlungu uno tiyeni tiike alias ija, titsegule faelo imodzi imene takhala tikuikopa pa intaneti popanda kuiwelenga, kaya ni sshd_config, kaya ni ~/.bashrc yathu yomwe, tiiwelenge kucokela pa g mpaka pa G. Tione mizele yamoyo na yakufa, tisakile mau amene sitiadziwa mu man, ndipo tikatsiliza titinike q.